Zimene Ndapeza Polemba pa WordPress kwa Zaka Zingapo

Pa tsamba limene mwini bulogu ya WordPress amayendetsera zinthu zake, kumanzere kuli mndandanda wa zida, ndipo chakumunsi kwa mndandandawo, pansi pa mawu akuti Tools, pali batani lolembedwa kuti Export limene anthu ambiri salidina n'komwe mpaka tsiku limene zinthu zavuta. Munthu akalidina, WordPress, imene ndi pulogalamu yolembera ndi kutulutsira nkhani pa intaneti, imasonkhanitsa nkhani zonse zimene iye analemba, masiku amene anazitulutsa, magulu amene anaziikamo komanso ndemanga zonse za owerenga, n'kuzimanga m'fayilo imodzi ya mtundu wa XML imene angathe kuisunga pa kompyuta yake kapena kusamuka nayo. Ndayambira pa batani limeneli chifukwa ndi limene linandikokera ku WordPress, ndipo ndi lomwelo limene landichititsa kuti ndisachokeko ngakhale pa masiku amene pulogalamuyi yanditopetsa kwambiri. Ndisanabwere kuno ndinkalemba pa katsamba kena kakang'ono kamene anthu ambiri sanakamvepo, ndipo eni ake atalengeza kuti akutseka, ndinachezera usiku wonse kukopera nkhani imodziimodzi pamanja, pamene ndemanga za owerenga, zimene zina mwa izo zinali zanzeru kuposa nkhani zangazo, zinapita osabwereranso.

Kutsekedwa kwa malo olemberapo si nkhani yachilendo pa intaneti, ndipo sikuyang'ana kukula kwa kampani. GeoCities, kumene anthu miyandamiyanda anaphunzirira kupanga masamba awoawo, inatsekedwa mu 2009. Posterous inatha mu 2013, Vine inasiya kugwira ntchito mu 2017, ndipo Google+ inatsekedwa mu 2019 ngakhale kuti kumbuyo kwake kunali kampani yolemera kwambiri. Aliyense amene amalemba ndi mtima wake wonse ayenera kufunsa, asanakhazikike pa malo alionse, ngati adzathe kunyamula katundu wake tsiku limene mwini malowo adzanene kuti lendi yatha. Pa funso limeneli WordPress imayankha bwino kuposa malo ena onse amene ndayesapo, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri yake.

Pulogalamuyi inatuluka koyamba mu Meyi 2003, pamene Matt Mullenweg wa ku America ndi Mike Little wa ku England anatenga pulogalamu ina yolembera mabulogu yotchedwa b2/cafelog, imene mwini wake, Michel Valdrighi, anali atasiya kuikonza, n'kuipitiriza ndi dzina latsopano. Anatha kuchita zimenezi popanda kugwada kwa aliyense chifukwa b2 inali pansi pa laisensi ya GPL, imene imalola munthu kutenga pulogalamu, kuisintha ndi kuigawira ena, malinga ngati nayenso apereka ufulu womwewo kwa amene alandira kwa iye. WordPress idakali pansi pa laisensi yomweyo mpaka lero, zimene zikutanthauza kuti ngakhale kampani iliyonse yokhudzana nayo itagwa mawa, pulogalamuyo ingatsale m'manja mwa anthu monga mmene b2 inatsalira. Malinga ndi kuwerengera kwa W3Techs, tsamba lofufuza mapulogalamu amene masamba amagwiritsa ntchito, masamba oposa 40 pa 100 alionse a pa intaneti amayendera WordPress, kuyambira mabulogu a munthu mmodzi mpaka masamba a nyuzipepala zikuluzikulu. Chinthu china chosafunikira kwenikweni koma chimene chimandisangalatsa n'chakuti mtundu uliwonse waukulu wa pulogalamuyi umapatsidwa dzina la woimba jazi, kuyambira pa Miles Davis amene dzina lake linaperekedwa ku mtundu wa 1.0 mu 2004.

Vuto loyamba limene munthu watsopano amakumana nalo ndi la dzina, chifukwa pali zinthu ziwiri zosiyana zimene zonse zimatchedwa WordPress. Ku WordPress.org kuli pulogalamu yeniyeniyo, yaulere, imene munthu amaitenga n'kukaiika pa seva, kutanthauza kompyuta imene tsamba limakhalapo, ya kampani yosungira masamba imene wasankha yekha, atagulanso dzina la tsamba lake. Ku WordPress.com kuli kampani ya Automattic, imene Mullenweg anakhazikitsa mu 2005, ndipo kumeneko munthu amangolembetsa ndi imelo yake n'kuyamba kulemba tsiku lomwelo, ntchito ya seva n'kuisiyira eni ake. Ine ndagwiritsa ntchito zonse ziwiri, ndipo ndikuona kuti kufanana kwa mayinaku kumasokoneza anthu mosafunikira. Munthu amawerenga malangizo ena onena kuti aike chida chakutichakuti, amafufuza batani lake mpaka kutopa, kenako n'kuzindikira kuti malangizowo amanena za WordPress inayo. Akaunti yaulere ya WordPress.com ndi yokwanira kuyesera, koma ili ndi malire ake odziwika bwino: adiresi ya bulogu imathera ndi mawu akuti wordpress.com, malo osungira zithunzi ndi ochepa, mapulagini akunja, tizida towonjezera pa pulogalamuyi, saloledwa, ndipo owerenga amaona zotsatsa malonda zimene wolembayo sanasankhe ndiponso sapindula nazo kanthu. Pa malire onsewa, amene amandipweteka kwambiri ndi omalizawa, chifukwa munthu akhoza kulemba nkhani ya maliro kapena ya matenda, pansi pake n'kutulukira malonda amene sakugwirizana ndi nkhaniyo ngakhale pang'ono.

Tsopano ndifike pa kulemba kwenikweniko, pamene pagona nkhani. Kwa zaka zoposa khumi, malo olembera a WordPress anali bokosi limodzi lalikulu lokhala ndi timabatani pamwamba, lofanana ndi mapulogalamu otayipira makalata amene aliyense anawazolowera. Mu Disembala 2018, mtundu wa 5.0 unabweretsa njira ina yotchedwa Gutenberg, dzina lochokera kwa Johannes Gutenberg, m'Jeremani wa m'zaka za m'ma 1400 amene anatchuka ndi makina osindikizira mabuku. M'njira imeneyi nkhani imamangidwa ndi mabuloko, ndiye kuti ndime iliyonse ndi buloko payokha, chithunzi ndi buloko, mutu waung'ono ndi buloko, ndipo mawu ogwidwa nawonso ndi buloko. Munthu akamaliza ndime n'kudina Enter, pansi pake pamabadwa buloko yatsopano. Akalemba kachizindikiro kopendama ka / pa mzere wopanda kanthu, pamatuluka mndandanda wa mabuloko onse oti asankhepo, ndipo akalemba ## n'kusiya mpata, mzerewo umasanduka mutu waung'ono popanda kugwira mausi. Tinjira tachidule timeneti ndi tabwino kwambiri munthu akatizolowera, ndipo kusuntha ndime yathunthu kuchoka kumapeto kupita kumayambiriro, ntchito imene kale inkafuna kudula ndi kumata mosamala, tsopano ndi nkhani yongodina kamuvi kangapo.

Komabe, maganizo anga ndi akuti mabulokowa anapangidwira womanga masamba kuposa wolemba nkhani. Wolemba akakhala pakati pa chiganizo chachitali, akufunafuna mawu oyenera, amafuna pepala loyera lopanda chomudodometsa, koma apa akangogwedeza mausi pang'ono, kabokosi ka zida kamatulukira pamwamba pa ndime imene akulemba n'kuphimba mzere womaliza wa ndime yapamwamba, womwe nthawi zambiri ndi umene akufuna kuuwerenganso kuti ganizo lake lisaduke. Mankhwala ake alipo, chifukwa pa timadontho titatu ta pakona yakumanja pali njira yokankhira kabokosiko pamwamba penipeni pa tsamba, ndiponso pali njira ina yobisa zida zonse kuti patsale mawu okha. Chodandaulitsa n'chakuti munthu watsopano sadziwa kuti zinthuzi zilipo, ndipo ambiri amagwa ulesi asanazipeze. N'zosadabwitsa kuti pulagini yotchedwa Classic Editor, imene ntchito yake ndi kungobwezeretsa bokosi lakale lija, inaikidwa pa masamba mamiliyoni. Ine sindinabwerere ku bokosi lakalelo, koma nkhani zazitali ndimayamba kuzilemba m'pulogalamu wamba yotayipira, n'kudzazimata mu WordPress zitapsa kale, ndipo pamenepa mabuloko amachita bwino chifukwa ndime iliyonse imakhala payokha popanda kusokonekera.

Chida chimene ndimachiyamikira mopanda kukayika ndi chosunga mbiri ya nkhani, chimene chinabwera mu 2008. Nthawi iliyonse imene wolemba wasunga ntchito yake, WordPress imasunganso mmene nkhaniyo inalili poyamba, ndipo iye angathe kuika mitundu iwiri pambalipambali, mawu amene anachotsa akuoneka ofiira ndipo amene anawonjezera akuoneka obiriwira. Kangapo konse ndachotsapo ndime usiku poiona ngati yopanda pake, m'mawa n'kuzindikira kuti nkhani yonse inatsamira pa ndime yomweyo, ndipo kuibweza kwakhala ntchito ya mphindi imodzi. Palinso kanthu kena kamene olemba zinenero zogwiritsa ntchito kankhodolero kam'mwamba ayenera kukadziwa. WordPress imapanga adiresi ya nkhani kuchokera ku mutu wake, ndipo pochita zimenezi imataya kachizindikiro kameneka n'kufafanizanso tizizindikiro ta pamwamba pa zilembo, moti mutu wokhala ndi mawu akuti m'nyumba umatuluka kuti mnyumba mu adiresi, pamene ŵ amasanduka w wamba. Zimenezi siziwononga kanthu, koma ndi bwino kuiyang'ana adiresiyo ndi kuifupikitsa nkhani isanatuluke.

Za maonekedwe sindinena zambiri. Mitundu ya maonekedwe imene munthu angasankhe ilipo masauzande, ndipo imene imabwera ndi pulogalamuyi, yotchedwa ndi mayina a zaka kuyambira pa Twenty Ten, ndi yoyera ndiponso yowerengeka bwino pa foni. Kuyambira mu Januwale 2022, mabuloko aja anafikanso pa mutu ndi pansi pa tsamba lonse, moti munthu angasinthe chilichonse popanda kudziwa chinenero cha makompyuta. Ngozi yake ndi yakuti ambiri amathera milungu iwiri akusintha mitundu ndi zilembo asanalembe ngakhale nkhani imodzi, ndipo inenso ndinagwa m'dzenje lomweli.

Nkhani yovuta kwambiri, imene aliyense wochokera ku masamba a mchezo ayenera kuimva asanasamuke, ndi ya owerenga. Pa Facebook, pa Instagram kapena pa X, imene inkatchedwa Twitter mpaka mu Julayi 2023, munthu amalemba pakati pa khamu, ndipo makina a kampaniyo ndi amene amanyamula mawu ake kukawaika pamaso pa anthu, moti pakangotha mphindi zochepa wina wayankha kale. Pa bulogu palibe khamu lodikira. Mwezi wanga woyamba, tsamba la ziwerengero linkandionetsa alendo atatu kapena anayi patsiku, ndipo ndikukhulupirira kuti theka la iwo anali anzanga amene ndinawachonderera. Zii wotereyu amafooketsa, ndipo ndi amene amapha mabulogu ambiri asanakwanitse chaka. Koma pakapita nthawi zinthu zimatembenuka. Zimene munthu walemba pa tsamba la mchezo zimakwiririka pakatha masiku awiri, ndipo ngakhale mwini wakeyo amavutika kuzipeza patatha chaka, pamene nkhani ya pa bulogu imakhala pa adiresi yake yosasuntha, kumene makina ofufuzira amaipeza n'kumatumizako anthu pang'onopang'ono. Nkhani yanga imene imawerengedwa kwambiri lero ndi imene palibe anaiyang'ana sabata imene inatuluka.

Njira imene ndaona kuti imathandiza ndi kulemba nkhani yonse pa bulogu, n'kumagwiritsa ntchito masamba a mchezo ngati malo oitanira anthu basi. WordPress.com ili ndi chida chotumiza yokha uthenga ku masamba amenewa nkhani ikangotuluka, koma mbiri ya chidachi ikuonetsa poyera mmene zinthu za eni zimasinthira. Mu 2018 Facebook inaletsa mapulogalamu akunja kulemba okha pa akaunti ya munthu payekha, n'kungolola masamba a mabungwe ndi a malonda, ndipo mu 2023 kutumiza ku Twitter kunaima chifukwa kampaniyo inakweza mtengo wolumikizirana nayo. Njira zimene sizidalira chifundo cha kampani ina ndi ziwiri zakale. Yoyamba ndi RSS, njira yofikitsa nkhani zatsopano ku pulogalamu yowerengera ya munthu wotsatira bulogu, imene bulogu iliyonse ya WordPress imakhala nayo yokha munthu akangowonjezera mawu akuti feed kumapeto kwa adiresi, ngakhale kuti owerenga ambiri anaiiwala kuchokera pamene Google Reader, pulogalamu yotchuka yowerengera RSS, inatsekedwa mu 2013. Yachiwiri ndi imelo, imene kutchuka kwa Substack, tsamba lotumizira owerenga nkhani pa imelo limene linayamba mu 2017, kwaonetsa kuti idakali ndi mphamvu. WordPress.com nayo imalola owerenga kulembetsa kuti nkhani iliyonse izikawapeza m'bokosi lawo la makalata, ndipo mndandanda wa olembetsawo wolemba angathe kuutenga. Kuyambira mu 2023 pabweranso ActivityPub, njira imene imalola anthu a pa tsamba la mchezo la Mastodon kutsatira bulogu ngati mmene amatsatirira mnzawo, mayankho awo n'kumaonekera ngati ndemanga pansi pa nkhani. Ndaiyesa ndipo imagwira ntchito, kungoti anthu amene imabweretsa ndi ochepa.

Ndemanga zili ndi mavuto akezake. Bulogu ikangoyamba kuoneka m'makina ofufuzira, alendo oyamba kufika mwaunyinji si anthu koma mapulogalamu omwaza zinyalala. Amalemba mwaulemu wodabwitsa, kuyamikira kuti sanawerengepo nkhani yozama chotere ndiponso kuti auza abale awo onse, koma dzina la wolembayo limalozera ku tsamba logulitsa mapiritsi kapena la juga. Tsiku loyamba ndinanyadira ndemanga yotere mpaka kuiyankha mothokoza, ndisanaone kuti mawu omwewo, chilembo ndi chilembo, afikanso pansi pa nkhani zina zisanu. Akismet, chida chimene Automattic inatulutsa mu 2005, chimasefa zinyalala zambiri zoterezi, ndipo pamodzi ndi lamulo lakuti ndemanga yoyamba ya munthu aliyense idikire chilolezo cha mwini bulogu, vutoli limachepa kwambiri. Ndi bwino kumasuzumirabe m'bokosi la zinyalalalo mwa apo ndi apo, popeza nthawi zina munthu weniweni amagweramo. Chimene ndimakonda n'chakuti pano wolemba ndiye amaweruza zimene zikhale pansi pa nkhani yake, ndipo zokambirana zake zimakhala zodekha kusiyana ndi za pa masamba a mchezo, kumene mawu aukali ndi amene amathamanga kwambiri.

Amene wasankha kuika WordPress pa seva yake amapeza ufulu wonse pamodzi ndi ntchito yonse. Nkhokwe ya WordPress.org ili ndi mapulagini aulere oposa 50,000, tizida towonjezera timene tingasandutse bulogu kukhala sitolo, monga imachitira WooCommerce imene Automattic inagula mu 2015, kapena kukhala malo ophunzitsira ndi osungira zithunzi. Kuchuluka kumeneku ndi dalitso komanso msampha, chifukwa mabowo ambiri amene akuba a pa intaneti amalowera amapezeka m'mapulagini, makamaka amene eni ake anasiya kuwasamalira, osati mu WordPress yeniyeniyo. Pulagini iliyonse yowonjezera imalemeretsanso tsamba, ndipo wowerenga amene intaneti yake ikuyenda pang'onopang'ono sadikira. Tsiku lina ndinadina batani lokonzanso pulagini ina yaing'ono, yolembedwa ndi munthu amene sindimudziwa, ndisanasunge kope ya tsamba langa, ndipo bulogu yonse inasanduka tsamba loyera lopanda ngakhale chilembo chimodzi. Kulakwa kunali kwanga, ndipo ndinapulumuka polowa m'mafayilo a pa seva n'kusintha dzina la foda ya pulaginiyo kuti izime. Masiku ano zinthu zinapepukako, chifukwa kuyambira mu 2019 pulogalamuyi imatumiza imelo yokhala ndi khomo lapadera lolowera zoterezi zikachitika, ndipo kuyambira mu 2020 mapulagini angathe kumadzikonzanso okha. Ngakhale zili choncho, amene sakufuna kumva za seva, za mawu achinsinsi olimba ndi za kusunga makope angachite bwino kulipira ena kuti azimugwirira ntchitoyi.

Sindingakhale wachilungamo nditapanda kutchula mkangano umene unabuka mu Seputembala 2024 pakati pa Mullenweg ndi kampani yosungira masamba ya WP Engine. Iye anaidzudzula poyera kuti imapindula kwambiri ndi WordPress koma imabwezako zochepa, kenako kampaniyo inatsekeredwa njira yofikira ku WordPress.org, zimene zinachititsa kuti makasitomala ake avutike kulandira zokonzanso za mapulagini. WP Engine inakasuma, ndipo mu Disembala chaka chomwecho khoti la ku California linalamula kuti njirayo itsegulidwe pamene mlandu ukupitirira. Sindikufuna kuweruza amene ali wolakwa, koma nkhaniyi inavumbula chinthu chimene ambiri a ife sitinkachiganizira, chakuti ngakhale pulogalamuyo ndi ya aliyense ndipo dzina lake lakhala m'manja mwa WordPress Foundation kuyambira mu 2010, tsamba la WordPress.org, kumene mapulagini ambiri amachokera, ndi la Mullenweg mwini, monga ananenera yekha. Chikhulupiriro changa chinagwedezekako, koma sichinagwe, popeza pa nthawi yonse ya mkanganowo palibe amene akanatha kundilanda nkhani zanga kapena kundiletsa kusamuka nazo.

Pa foni zinthu zili pakatikati. Pulogalamu yake ndi yabwino polemba ganizo lobwera mwadzidzidzi, poika chithunzi kapena poyankha ndemanga, ndipo imasunga zolemba ngakhale intaneti itaduka. Kuyambira mu 2023, zinthu monga ziwerengero za alendo ndi malo owerengera mabulogu a ena zinasamutsidwira ku pulogalamu ina yotchedwa Jetpack, moti munthu watsopano amadabwanso kuti atenge iti mwa ziwirizi. Kusanja mabuloko ambiri ndi chala pa galasi laling'ono n'kotopetsa, ndipo nkhani yaitali ndimaimalizira pa kompyuta nthawi zonse.

Kwa munthu amene akufuna kungogawana zithunzi ndi nthabwala ndi anzake, WordPress ndi katundu wolemera wopanda chifukwa, ndipo masamba a mchezo amukwanira. Kwa amene akufuna kungolemba osaganizira china chilichonse, Blogger, imene inayamba mu 1999 n'kugulidwa ndi Google mu 2003, ndi yosavuta, ndipo Medium, imene inayamba mu 2012, ili ndi malo olembera oyera kuposa a Gutenberg. Koma kwa wolemba ndakatulo, mphunzitsi, wojambula kapena aliyense amene akuona kuti adzalembabe zaka khumi zikubwerazi, ndimalimbikitsa WordPress, ndipo ndimalangiza kuti ayambe ndi akaunti yaulere, alembe nkhani khumi asanakhudze maonekedwe, kenako agule dzina lakelake la tsamba akaona kuti sakusiya, chifukwa dzinalo ndi limene limasunga owerenga pamene iye akusintha seva. Chenjezo limodzi lokha lokhudza batani lija la Export n'lakuti fayilo imene limapereka imakhala ndi mawu ndi maadiresi a zithunzi, osati zithunzi zenizenizo. N'chifukwa chake kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, ndikatenga fayilo ya XML ija, ndimakoperanso padera foda ya zithunzi yotchedwa uploads, n'kusunga zonse ziwiri pa kompyuta komanso pa fulashi imene imakhala m'dirowa.